Wogulitsa akukana kuti titsegule kumbuyo kwa wotchi ya IWC Mark XVIII, ndigule kapena ndithawe?

Nkhwazi40
Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeni maganizo ndisanachite zinthu zoti ndidzalire nazo. Papita zaka zitatu ndikusunga ndalama kuti ndidzagule wotchi imodzi yokha yabwino, ya oyendetsa ndege. Yatsopano sindingaifikire, ndiye maso anga akhala ali pa zoti wina anavalapo kale. Tsopano ndapeza IWC Mark XVIII ya nkhope yakuda pa intaneti. Mwini wake akuti anaigula mu 2017. Bokosi lilipo, khadi la waranti lilipo, kabuku kake kalipo, lamba ndi wachikopa chakuda uja wa mtundu wa lalanje mkati. Zithunzi zake ukaziona mtima umangoti tenga basi. Vuto ndi limodzi. Ndamupempha kuti tikumane kwa mmisiri wa mawotchi atsegule kumbuyo tione injini, iye wakana. Akuti ikangotsegulidwa iyamba kulowa madzi, ndipo akuti mapepala ali apa, mukufunanso chiyani? Wandiuzanso kuti pali anthu ena awiri akuifuna, ndiye ngati ndikufuna andisungire nditumize theka la ndalama pofika Lachisanu. Kodi ndikungokayikira munthu wosalakwa?

Tsabola
Anthu awiri akuifunawo amakhalapo nthawi zonse, achimwene. Sakalamba, sagula, ntchito yawo ndi kuifuna basi.

Mai_Nthawi
Musatumize kalikonse. Ndikunena izi ngati munthu amene anapsapo.

Batire_Basi
Zaka zitatu kusungira wotchi yoti ikaima uzichita kuigwedeza? Ine Casio yanga ili m'chaka chachisanu ndi chiwiri batire lomwe lija, ndipo siinandinamizepo nthawi.

Tsabola
A Batire_Basi afika. Tsopano msonkhano wayamba.

MmisiriWakale
Mwana wanga Nkhwazi40, ndakhala ndikutsegula mawotchi kuyambira ndili mnyamata, ndiye ndilole ndiyambe ndi nkhani ya madziyo chifukwa ndi yomwe yandiseketsa. Chivindikiro chakumbuyo kwa wotchi imeneyi ndi chopotera, ndipo chinapangidwa kuti chizitsegulidwa. Nanga sevisi amaichita bwanji? Chimene chimatchinga madzi ndi kamphira kozungulira kamene kali mkati mwa chivindikirocho. Mmisiri wodziwa ntchito amatsegula ndi chida choyenera, amaona kamphirako, amakapaka mafuta ake kapena kukasintha, amatseka, kenako amaika wotchiyo m'makina oyeza mpweya kuti aone ngati ikutchinga bwino. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ndipo ngati wotchiyo ndi ya 2017 ndipo siinatsegulidwepo chigulireni, kamphirako katopa kale, kutsegula kungaithandize osati kuiwononga.

Chachiwiri ndi ichi. Pali mawotchi ena amene kumbuyo kwake kuli galasi, injini umaiona osatsegula. Mark XVIII si choncho. Kumbuyo kwake ndi chitsulo chokhachokha, chojambulidwa ndege ya Junkers Ju 52, ndipo mkati muli chigoba china cha chitsulo chofewa choteteza injini ku maginito. Ndiye munthu akakana kutsegula, wakubisira chinthu chimene chimaipatsa wotchiyo mtengo wake. Watsala ndi nkhope ndi mapepala, ndipo zimenezi ndi zomwe opanga zafeki amazidziwa bwino koposa.

Sindikunena kuti munthuyo ndi kathyali. Ena amaopadi kuti mmisiri wosadziwa angakande chivindikiro, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Koma yankho lake ndi lakuti asankhe yekha mmisiri amene amamukhulupirira, kapena mupite kwa amene ali ndi chilolezo cha kampaniyo, iwe ulipire. Akakanabe zimenezo, mutsanzike mwaulemu.

Nkhwazi40
Zikomo kwambiri madala. Koma khadi lija likuoneka lenileni ndithu, lili ndi tsiku ndi chidindo cha sitolo. Kodi anthu amafika pochita kupanga khadi lafeki?

Mai_Nthawi
Munthu amene wakwanitsa kupanga wotchi yonse, yokhala ndi tizitsulo tambirimbiri toyenda, angalephere kusindikiza kapulasitiki kamodzi? Komanso sizifuna n'kupanga komwe. Mabokosi ndi makhadi enieni amagulitsidwa paokha pa intaneti. Munthu amagula bokosi lenileni n'kuikamo chilichonse.

Yanga inali Breitling Navitimer yakale, ref. 806, ija yokhala ndi mapiko pankhope, chizindikiro cha AOPA, bungwe la oyendetsa ndege la ku America. Ndinaigula kwa munthu wolankhula bwino kwambiri, wodziwa mbiri yonse, mpaka anandifotokozera momwe mkombero wake wa manambala wozungulira nkhope uja umagwirira ntchito yowerengera mafuta ndi liwiro la ndege. Ndinaivala chaka chathunthu ndikunyada nayo. Tsiku lina batani la chronograph, lija loyambitsa ndi kuimitsa muvi woyezera nthawi, linayamba kulimba, ndinapita nayo kwa mmisiri. Anaiyang'ana ndi kagalasi kake kapadiso, osalankhula kwa nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndikufuna kumva zoona. Injini inali yeniyeni, Venus 178 monga iyenera kukhalira. Chigoba chinali chenicheni. Koma nkhope inali yochita kupentedwanso, mivi inali ya wotchi ina, mkombero unali wa m'zaka zina. Palibe chimene chinali chafeki kwenikweni, komabe wotchiyo siinatuluke m'fakitale ili choncho. Azungu amaitcha frankenwatch, kutanthauza yolumikiza zidutswa za mawotchi osiyanasiyana. Pamene ndinafuna kuigulitsa, mtengo wake unatsika moti ndinangokhala chete n'kuibwezera m'kabati. Wondigulitsa uja nambala yake inali itasiya kale kugwira. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kadzidzi
Pepani mayi. Koma pa mawotchi akale tiyeni tisiyanitse. Pali nkhope yopentedwanso ndi munthu wamba, ndiye pali nkhope yatsopano imene kampani yeniyeni imaika pochita sevisi. Yachiwiriyi si chinyengo. Mark 11 zambiri zimene IWC inapangira asilikali a ndege a ku Britain kuyambira mu 1948 zinasinthidwa nkhope ndi asilikaliwo pochotsa radium n'kuika tritium, mankhwala ochititsa manambala kuwala mumdima, n'chifukwa chake mumaona ka T kozunguliridwa ndi mzere pankhope pake. Munthu wosadziwa atha kunena kuti yasinthidwa, ndi yabodza, pamene imeneyo ndiye mbiri yake yeniyeni.

Mai_Nthawi
Zoona a Kadzidzi, koma kusiyana kwake n'kwakuti wogulitsa anene. Akandiuza kuti nkhope inasinthidwa, ine ndisankha ndekha ndipo mtengo tigwirizana moyenera. Wanga uja analumbira kuti palibe chimene chinakhudzidwa.

Chiombankhanga
Radium imeneyo si yoopsa? Ndili ndi wotchi ya agogo anga ya m'ma 1940, manambala ake asanduka a bulauni ndipo sawalanso usiku. Ndiye kuti inatha mphamvu?

MmisiriWakale
Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu amanamizika. Chimene chatha ndi utoto umene unkawala, osati radium. Radium imatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Musaitsegule nokha, musapume fumbi lake, musagone nayo pansi pa pilo. Tritium ndiye imafooka msanga, theka lake limapita pa zaka 12 ndi miyezi ingapo. Zimenezi zimathandizanso pogula. Mukaona wotchi yolembedwa T SWISS MADE T m'munsi mwa 6, kutanthauza kuti ili ndi tritium, akuti ndi ya m'ma 1970, koma mukaiunika ndi tochi ikuwala ngwee usiku wonse ngati yatsopano, dziwani kuti wina anaipakanso utoto wamakono.

Kadzidzi
Poti tafika ku mbiri, a Nkhwazi40 adziwe chimene akugula. Kamakona atatu kaja kokhala ndi timadontho tiwiri pa 12 si kokongoletsa ayi. Kanaikidwa kuti munthu ali mumdima m'ndege azindikire msanga kumene kuli kumwamba kwa wotchi. Kanachokera ku mawotchi akuluakulu a mamilimita 55 amene anapangidwira asilikali a ndege a ku Germany pa nkhondo yachiwiri, aja amati B-Uhr. Makampani amene ankawapanga anali asanu: A. Lange & Söhne, Laco, Stowa, Wempe ndi IWC. Lamba wake anali wautali chifukwa ankavala pamwamba pa jekete, ndipo kachitsulo kotcherera kanali kakakulu kuti munthu akagwire atavala magolovesi. Big Pilot imene IWC inatulutsa mu 2002 inatengera kumeneko. Banja la Mark ndiye linachokera kwa a ku Britain.

Batire_Basi
Ndiye mukundiuza kuti masiku ano woyendetsa ndege amayang'ana pamkono kuti adziwe kopita?

Wamapiko
Ine ndimauluka tindege tating'ono, ndiye ndiyankhe. Ayi. Tili ndi GPS, ndipo ndege ili ndi wotchi yakeyake. Anzanga ambiri amavala mawotchi a batire kapena aja olumikizana ndi foni. Chimene timafunadi ndi nthawi ya UTC, ija imene imakhala yofanana kulikonse padziko lapansi, chifukwa mapulani a ulendo ndi malipoti a nyengo amalembedwa mu nthawi imeneyo. N'chifukwa chake Rolex inapanga GMT-Master cha m'ma 1950 mogwirizana ndi kampani ya ndege ya Pan Am, kuti munthu aziona nthawi ziwiri pa wotchi imodzi. Mkombero wa Navitimer ndinaphunzira kuugwiritsa ntchito chifukwa ndi wofanana ndi kachipangizo kowerengera kamene tinkagwiritsa ntchito kusukulu ya ndege, koma kunena zoona manambala ake ndi aang'ono moti ndege ikamagwedezeka sungawaone. Komabe ndili nayo ndipo ndimaikonda. Si zonse zimene munthu amagula chifukwa akuzifunikira.

Batire_Basi
Mwavomereza nokha.

Tsabola
Inunso nsapato zanu zachikopa zija simuthamangira mpikisano, koma munagula.

Woyang'anira_Gulu
Abale, munthu wafunsa funso ndipo Lachisanu likuyandikira. Nkhondo ya batire ndi sipuling'i ili ndi malo ake, tinaimenya kale chaka chatha ndipo palibe anapambana. Tibwerere kwa a Nkhwazi40.

Galasi_Lakuthwa
Ine ndili nayo Mark XVIII, ndiye ndikuuzeni zoti muone musanafike n'komwe kwa mmisiri. Kukula kwake ndi mamilimita 40, kunenepa pafupifupi 11. Tengani kachida koyezera, chifukwa zafeki nthawi zambiri zimanenepa kuposa pamenepo. Kawindo ka tsiku kali pa 3, ndipo kanalowa mkati pang'ono, sikali m'mphepete penipeni. Anthu ambiri amadandaula nako, koma ndi momwe inapangidwira chifukwa injini yake ndi yaing'ono poyerekeza ndi chigoba. Onani ngati nambala ya tsiku yakhala pakatikati pa kawindoko, ndipo muzungulitse masiku onse 31, osati limodzi lokha. Zimitsani magetsi mutaiunika. Pa yanga zimene zimawala ndi mivi, kamakona atatu ka pa 12, ndi timizere ta pa 3, 6 ndi 9. Manambala sawala. Ndinaonapo ina imene inkawala paliponse ngati mtengo wa Khirisimasi, mwini wake akunyadira kuti yake ndi yabwino kuposa yanga.

Galasi lake lili ndi mankhwala oletsa kunyezimira mbali zonse ziwiri, moti pena limaoneka ngati palibepo galasi, pena limaonetsa kabuluu. Kachitsulo kotcherera ndi kopotera, kazilowa mosalala popanda kukhadzula. Koma chachikulu ndi kagalasi kokuzira zinthu. Yang'anani zilembo za IWC SCHAFFHAUSEN. Pa yeniyeni m'mphepete mwa chilembo chilichonse ndi mwakuthwa, utoto sunadonthere kwina.

MmisiriWakale
Zonsezo ndi zabwino, ndipo zaka khumi zapitazo zikanakwana. Lero ayi. Zafeki zapamwamba zimene zikubwera pa tebulo langa masiku ano, kunja kwake ndimachita kuziyang'ana kawiri, ine amene. Opanga ake amagula yeniyeni, amaimasula, amayeza chilichonse. Ndipo nawonso amawerenga zokambirana ngati zathu zino. Mukalemba kuti feki imalakwitsa apa, chaka chamawa apo pakhala patakonzedwa.

Pamene amagwa ndi mkati. Mark XVIII zoyambirira zinali ndi injini yotchedwa 30110, imene maziko ake ndi injini ya kampani ina, ETA 2892. Zotsatira zinabwera ndi 35111, ya maziko a Sellita SW300. Zonse zimagunda ka 28,800 pa ola ndipo zikadzaza zimayenda maola 42. Vuto n'lakuti injini zotchipa zogunda liwiro lomwelo zilipo zambiri, ndiye kuyang'ana muvi wa masekondi kuti ukuyenda mosalala sikukuuza kanthu. Ena amatenga Miyota 9015, imene payokha ndi injini yabwino yopanda mlandu, n'kuimata tizitsulo tolembedwa IWC pamwamba kuti izioneka ngati yeniyeni. Imeneyi ungaigwire ndi khutu. Kachitsulo kake kozungulira, kaja amati rotor, kamapukusa sipuling'i mbali imodzi yokha, ndiye kakatembenukira mbali inayo kamathamanga mwaphokoso, umamva kuti fwiii. Ya 2892 imapukusa mbali zonse ndipo imakhala phee. Koma palinso ena amene amakopera 2892 yeniyeniyo. Pamenepo khutu silithandiza, umafunika diso la munthu amene waona zenizeni zambirimbiri: mizere yokongoletsa inadulidwa bwanji, mitu ya tizomangira ndi yosalala kapena yokandika, zilembo ndi zozokota kapena zongodinda.

Ukapita kwa mmisiri umuuze aiike pa timegrapher, makina omvera kugunda kwa wotchi. Amaonetsa zinthu zitatu: masekondi amene ikuthamanga kapena kutsalira pa tsiku, kukula kwa mpata umene kagudumu ka balansi kakuyenda, ndi kusiyana kwa kugunda kwa uku ndi uku. Wotchi yathanzi yodzaza bwino, itagona chagada, kagudumuko kamayenda madigiri a pakati pa 270 ndi 310. Zikatsika kwambiri ndiye kuti mafuta auma, sevisi yayandikira, ndipo ndalama ya sevisiyo uichotse pa mtengo. Makinawa sanena ngati wotchi ndi yeniyeni, amangonena ngati ikudwala.

Galasi_Lakuthwa
Sindikutsutsa madala, koma si aliyense ali ndi mmisiri ngati inu pafupi. Kuona zakunja kumathandiza kuchotsa zafeki zoonekeratu munthu asanawononge ndalama ya ulendo.

MmisiriWakale
Pamenepo tagwirizana. Diso lako lingakuuze kuti iyi ndi yabodza. Silingakuuze kuti iyi ndi yeniyeni.

Mlonda_wa_Usiku
Palibe amene watchula za kuba. Wotchi itha kukhala yeniyeni kuyambira galasi mpaka kachomangira komaliza, koma ili yobedwa. Tsiku limene mudzaitumize ku kampani kukachita sevisi n'kupezeka kuti nambala yake inalembedwa kuti inabedwa, mudzavutika kuti ibwerere m'manja mwanu, ndipo ndalama zanu zapita. Funsani nambala yonse ya pa chivindikiro chakumbuyo. Muifufuze pa Enquirus, webusaiti yolembetsapo mawotchi obedwa imene inakhazikitsidwa ndi kampani ya Richemont mu 2023, ndipo IWC ili pansi pa Richemont yomweyo. Palinso The Watch Register ya ku London, kumeneko mumalipira kangachepe. Wogulitsa akabisa manambala ena pa zithunzi za poyera ndi zomveka, amaopa kuti opanga zafeki angaikopere. Koma kwa munthu amene mwatsala pang'ono kumupatsa ndalama, palibe chifukwa chobisira.

Nkhwazi40
Pa zithunzi anaphimba manambala atatu omaliza ndi chala, pa wotchi ndi pa khadi pomwe. Ndimufunsa.

Tsabola
Chala chimenecho chikugwira ntchito yaikulu.

Dzuwa_Lalowa
Ine ndiye ndingati musavutike ndi anthu wamba. Gulani pa mawebusaiti amene amasunga ndalama pakati mpaka katundu atafika. Chrono24 ili ndi njira imeneyo, eBay nayo ili ndi dongosolo loti wotchi yodula imadutsa kaye kwa akatswiri isanafike kwa wogula, ngakhale si m'maiko onse. Mulipira zochulukirapo koma mugona tulo.

Mai_Nthawi
Zimathandiza, koma muwerenge bwino malamulo ake. Kusunga ndalama pakati si kutsimikiza wotchi. Mumapatsidwa masiku owerengeka, ndipo mukawatha mukungoisirira pamkono osapita nayo kwa mmisiri, ndalama imapita kwa wogulitsa. Ndipo samalani ndi uja amene mwamupeza pa webusaiti yotetezeka koma akukuuzani kuti tiyeni timalizire kumbali ndikuchotserani pang'ono. Kuchotserako ndi mtengo wa chitetezo chanu.

Kadzidzi
Njira yotsimikizika koposa ndi kuitumiza ku Schaffhausen komweko, ku Switzerland, kampani iione yokha. IWC yakhala mu mzinda umenewo kuyambira 1868 pamene Florentine Ariosto Jones, munthu wa ku America, anaiyambitsa, ndipo amasunga mabuku a mawotchi awo. Koma zimatenga nthawi, ndipo palibe wogulitsa angadikire zimenezo pa wotchi wamba ngati Mark XVIII. Zimenezo ndi za Mark 11 kapena Big Pilot ya 1940.

Galasi_Lakuthwa
Wamba? A Kadzidzi, mwandilasa.

Kadzidzi
Pepani achimwene, ndimatanthauza kuti zilipo zambiri. Ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino kwa a Nkhwazi40. Iyi ikapita, mawa kubwera ina. Si wotchi yoti munthu azithamangitsidwa nayo ndi Lachisanu.

Nkhwazi40
Ndabwera ndi lipoti, akuluakulu. Ndinamulembera monga ananenera madala: asankhe yekha mmisiri, ine ndilipira, ndipo sinditumiza kalikonse tisanaonane. Anakhala chete masiku awiri. Lachisanu linadutsa, anthu awiri aja sanagule. Loweruka analemba yekha kuti chabwino.

Takumana dzulo. Mmisiri anaitsegula ife tikuona. Akuti injini ndi yeniyeni, 30110, chigoba chamkati chilipo, palibe dzimbiri, palibe chizindikiro cha madzi. Nkhope ndi mivi akuti ndi zake. Pa timegrapher ikutsalira masekondi 9 pa tsiku ndipo madigiri aja ali pa 228, ndiye akuti ikufunika sevisi posachedwa. Anandionetsanso kuti tinyanga togwira lamba tinapolishidwa, m'mphepete mwake mwayamba kubuntha m'malo mokhala mwakuthwa. Zimenezo ndikanazipirira.

Koma nambala ya pa khadi si ya pa wotchi. Zikufanana manambala anayi oyamba, atatu omaliza ndi osiyana. Omwe aja anaphimba ndi chala. Nditamufunsa anasintha nkhani. Akuti iye sanaigule m'sitolo mu 2017, anaigula kwa munthu wina wogulitsa mawotchi zaka ziwiri zapitazo, ndipo mwina munthuyo anali nazo ziwiri n'kusokoneza makhadi. Akuti sanazindikire. Ndafufuza nambala ya pa wotchi pa Enquirus ndi pa The Watch Register, siikupezeka pa zobedwa. Tsopano wachotsa ndalama ndithu, akuti nditenge. Mutu wanga waima.

Tsabola
Sanazindikire, koma chala chinazindikira.

Dzuwa_Lalowa
Tengani. Wotchi ndi yeniyeni, mmisiri watsimikiza, siili pa zobedwa, mtengo watsika. Khadi la 2017 waranti yake inatha kale, ndi kapulasitiki chabe. Muvala wotchi, simuvala khadi.

Mlonda_wa_Usiku
Kusapezeka pa mndandanda sikutanthauza kuti siinabedwe. Anthu ambiri akaberedwa salembetsa kulikonse, ena sadziwa n'komwe nambala ya wotchi yawo. Ndipo taganizani, ndani amafunika khadi la wotchi ina? Ndi munthu amene ali ndi wotchi yopanda mbiri ndipo akufuna kuiveka mbiri. Mwina inatayika mapepala mwachilungamo, zimachitika kwambiri. Koma munthu wachilungamo amangonena kuti ilibe mapepala.

Mai_Nthawi
Ine chimene chandiimitsa si khadi, ndi bodza. Ananena kuti anaigula yekha mu 2017. Atagwidwa wasintha. Anakana kutsegula, ndipo tsopano tadziwa chifukwa chake: sankaopa madzi, ankaopa kuti mmisiri ayika wotchi ndi khadi pa tebulo limodzi. Mukagula wotchi yakale mumagulanso mawu a munthu amene akukugulitsani, chifukwa pali zambiri zimene simungazione: inagwapo, inalowapo madzi, inachokera kuti. Mawu a uyu mwawayeza kale.

Dzuwa_Lalowa
Mayi, mukuweruza ndi bala lanu lakale. Anthu ambiri ogulitsa amakometsa nkhani pang'ono. Akanakhala wakuba akanabwera kwa mmisiri ndi nkhope yake?

Mai_Nthawi
Bala lakale ndi limene limaphunzitsa, achimwene. Wanga uja anabwera ndi nkhope yake, ndipo tinamwa khofi limodzi.

MmisiriWakale
Ndinenepo za chitsulo, za mtima wa munthu ndisiyire ena. Madigiri 228 ndi sevisi yonse, osati kungoitchera. Injini imeneyi mmisiri aliyense wabwino amaidziwa ndipo zida zake zimapezeka, uwu ndiye ubwino wa injini ya maziko a 2892 umene anthu onyada sautchula. Tinyanga topolishidwa ndiye sitibwerera, chitsulo chikachoka chachoka. Ndiye uiwerengere ngati wotchi yopanda mapepala, yopolishidwa, yofunika sevisi. Ngati mtengo watsopanowo ukugwirizana ndi zitatu zimenezi, nkhani ya ndalama yatha.

Ukasankha kugula, pasakhale ndalama yapamanja. Ulipire kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina lake lenileni. Mulembe pepala lonena tsiku, mtundu wa wotchi, nambala yake yonse, kuti iye ndi mwini wake ndipo ali ndi ufulu woigulitsa, asaine, ndipo uone chitupa chake ndi maso ako. Akuuzenso amene anamugulitsa, akuonetse lisiti kapena mauthenga a nthawi imeneyo. Munthu amene anagula wotchi yodula zaka ziwiri zapitazo amakhala ndi kena kake kosonyeza. Khadi lolakwikalo usalitenge. Ukalisunga m'bokosi, tsiku lina iwe kapena ana ako adzaigulitsa nalo, ndipo wabodza adzakhala iwe.

Wamapiko
Ndipo kwinakwake kuli munthu amene ali ndi Mark XVIII yopanda khadi, khadi lake lili m'bokosi limeneli.

Nkhwazi40
Ndamutumizira zonse zimene mwanena madala: banki, pepala losaina, chitupa, ndi umboni wa komwe anaigula. Wayankha kuti pepala asaina, koma ndalama akufuna yapamanja chifukwa akaunti yake ili ndi vuto, ndipo foni imene inali ndi mauthenga akale inatayika. Ndamuthokoza ndipo ndamuuza kuti ndasiya. Kunena zoona zikundiwawa, inandikhala bwino pamkono kwa mphindi zisanu zija. Ndalama ya mmisiri yapita, koma zinazo zili pomwe zinali.

Batire_Basi
Casio ikadalipo, amwene. Palibe amakufunsa khadi.

Kadzidzi
Poti mwabwerera poyambira, ganiziraninso Mark XVI, ya mamilimita 39, imene inatuluka mu 2006. Injini ndi 30110 yomweyo ndipo kawindo ka tsiku kanakhala bwino. Ilibe 6 ndi 9 pankhope, ena zimawanyansa, ine ayi. Kapena pirirani pang'ono mufike pa Mark XX ya 2022, ija imayenda maola 120.

Galasi_Lakuthwa
Musawasokoneze, mtima wawo uli pa XVIII. A Nkhwazi40, mkono wanu ndi waukulu bwanji? Wotchi imeneyi ndi ya 40 koma tinyanga take ndi tatitali, pa mkono wowonda timatulukira m'mbali.

Nkhwazi40
Masentimita 17. Dzulo inakhala bwinobwino, lamba ndinamanga pa bowo lachitatu. Ndaona ina kwa wogulitsa amene walemba yekha kuti ilibe bokosi kapena khadi, ndipo waika chithunzi cha injini chivindikiro chili pambali. Ndamufunsa nambala yonse, wanditumizira pasanathe ola.

MmisiriWakale
Umufunse tsiku limene inachitidwa sevisi komaliza, ndi amene anaichita. Ndipo chithunzi cha injinicho chiike pano, chachikulu bwino, rotor ili kumbali kuti ndione pansi pake.